Ndinakapeza Mphasa ku Sandton

Caka ca 2022 kacewere anacita bwino. Kadimba kanga ka kumtsinje kanandipatsa ndalama zimene ndinali ndisanazigwirepo m'manja ciyambire nchito ya pa wailesi. Ndinakwera shapa kupita mumzinda wa Tete, ndipo ndinabwerako ndi sofa ya zigawo zitatu, yabulauni, yonyezimira, itamangidwa pamwamba pa galimoto ngati nkhumba yopita kumsika. Itafika pano pa Ulónguè inakana kulowa pakhomo. Tinacita kuzula citseko pamodzi ndi felemu yake, anansi ataima pamsewu, ana akuwomba m'manja. Tsiku limenelo ndinadzimva kuti ndine munthu.

Italowa, inadya malo onse. Pabalaza pathu, pamene ambiri kuno timati pasala, ndi pa mamita anayi mulitali ndi atatu mulifupi. Kuti sofa ikwane tinatulutsa mphasa, timipando tiwiri tosema, ndi mtsuko wa madzi akumwa umene amayi anatiumbira titangolowa m'nyumbamo. Mtsukowo ndinanyamula ndekha n'kukauika kuseri kwa khichini. Mayi a kunyumba anandifunsa kuti, "Nanga amayi akabwera mukawauza ciyani?" Ine ndinayankha kuti nthawi yasintha, nyumba ya malata siyenderana ndi mtsuko.

Patapita sabata amayi anabwera kucokera kumudzi kwathu, kufupi ndi phiri la Dómuè. Anaodira, n'kuima pakhomo, n'kuyang'ana sofa ija ili m'mapulasitiki ake. "Mwagula katundu, bambo," anatero. Kenaka anabwerera n'kukakhala pakhonde. Nsima anadyera pomwepo. Ulendo wotsatira anacitanso cimodzimodzi, mpaka caka cinatha asanakhalepo pansi m'nyumba ya mwana wawo. Ndinkadziuza kuti ndi ukalamba, okalamba amakonda kamphepo. Ine amene ndimakhala pa maikolofoni kulangiza mabanja a boma lonse la Angónia, za m'nyumba mwanga sindinazione.

Mng'ono wanga amakhala ku Johannesburg, kumene amagwira nchito yokhoma makabati a m'khichini m'nyumba za anthu olemera. Caka ca 2023 anandituma ndalama ya basi kuti ndikamuone pa nthawi ya chuthi. Njira yake ambiri mukuidziwa: kuwoloka Zambezi pa Tete, kutulukira pa Cuchamano, kudutsa Harare ndi Masvingo, kugona pamzere pa Beitbridge, mpaka kufika pa Park Station miyendo itatupa. Kumayambiriro kwa Agosto iye anabwera kunyumba ndi matikiti awiri amene abwana ake anamupatsa. "Acimwene, mawa ndikupita nanu kumalo kumene azungu amakasankha maonekedwe a nyumba zawo," anatero. Kunali ku Decorex, cionetsero ca zokongoletsa m'nyumba cimene cimacitika caka ndi caka, ndipo caka cimeneco cinali ku Sandton Convention Centre.

Tinakwera Gautrain, sitima yodutsa pansi pa nthaka, n'kutulukira pakati pa nyumba za magalasi zokhazokha. Ndinali nditavala jekete langa la paukwati. Mumtima ndinali nditakonza kale zimene ndikukafuna: kuona matailosi atsopano, makatani olemera, ndi kabati yagalasi yoti iyenderane ndi sofa yanga. Ndinatenganso kabuku kolembamo, poganiza kuti ndikabwerera ndidzakhala ndi pulogalamu yophunzitsa omvera mmene anthu otsogola amakhalira.

Amene simunafikeko, ganizirani holo yaikulu kuposa bwalo la mpira, yogawidwa m'tizipinda mazanamazana topanda denga. Kacipinda kalikonse kakonzedwa ngati muli anthu: apa khichini ndi mapoto ake, apo bafa, uko cipinda cogona bedi litayalidwa. Ena akugulitsa penti, ena nsalu, ena nyale, ena zitseko. Caka cimeneco magetsi ankazima maola angapo tsiku lililonse m'dziko lonselo, conco nyale zochaja ndi zipangizo za sola zinali paliponse. Ndinaseka ndekha pokumbukira kuti ena mwa magetsi amene amayaka m'dziko limenelo amacokera ku Cahora Bassa, pa Zambezi wathu yemweyu, m'mawaya oyenda makilomita oposa 1,400.

Ola loyamba ndinayenda kukamwa kuli yasa. Koma pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuona kuti cimene ndinabwerera mulibe. Sofa yonyezimira ngati yanga sindinaione. Makoma ambiri sanali oyera mbee kapena a mitundu yothobwa m'maso. Anali a mtundu wa katondo, wa mcenga wa kumtsinje, wa phulusa, wa masamba ouma a fodya. Ena anawapaka mwadala mosasalaza, kuti pazioneka pamene padutsa dzanja. Pansi m'zipinda zina panali simenti yopukutidwa cabe, yopanda tailosi. Mng'ono wanga anandinong'oneza kuti makasitomala ake masiku ano akukana zonyezimira, akufuna matabwa ooneka mizere yake.

Titakhota pa kona ina ndinaima cilili. Patsogolo panga panali mpando wa nsungwi, wa msana wokhota, wolukidwa timabowo ting'onoting'ono, womwe uja timauona m'mphepete mwa msewu tikawolokera ku Malawi. Unali utaikidwa pa kabwalo kokwera, nyale ikuwuunikira ngati mkwatibwi. Pakapepala kake analemba kuti Malawi chair, ndipo mtengo wake unali woti kuno ungagule mipando yotere yokwanira banja lonse. Pambali pake anayala mphasa. Mphasa yeniyeni ya bango, yosokedwa ndi cingwe, ngati imene ndinaitaya kuseri kwa nyumba. Pakona panali mtsuko wakuda ndi moto, mutabzalidwa kamtengo.

Kucokera pamenepo maso anga anatseguka, ndipo ndinayamba kuziona paliponse. Khoma lina lonse linali lokongoletsedwa ndi malicero ndi nsengwa, zazikulu ndi zazing'ono, zitakhomedwa mozungulira. Wogulitsa anandiuza kuti zina ndi za ku Binga, zolukidwa ndi amayi a Citonga a m'mbali mwa nyanja ya Kariba, ndipo amaluka ndi mlaza. Mlaza womwewu wa mikeka yathu. Panalinso timadengu ta Azulu tolukidwa ndi waya wa telefoni wa mitundumitundu, madengu ozondotsedwa n'kuikamo babu kuti akhale nyale, mitondo yosandutsidwa timatebulo, ndi mapilo osokedwa ndi nsalu zimene ife timati kapulana. Mayi wina wovala bwino anatola cipande, n'kucitembenuza, n'kufunsa mnzake ngati cingakhale bwino pakhoma.

Poyamba ndinaseka. Kenaka ndinapsa mtima, poganizira nkhalamba imene inakhala masiku angapo ikung'amba nsungwi n'kulandira ndalama yosakwana ndi thumba la mcere. Koma mkwiyowo sunakhalitse, cifukwa ndinakumbukira kuti ineyo pamsika wa Lizulu ndinanenererapo licero mpaka wogulitsa anangoti, "Tengani, bambo, ndipeze ya sopo." Cimene cinatsala mumtima ndi manyazi. Ndinayenda masiku awiri pa basi, kudutsa malire awiri, kuti munthu wacilendo andiuze kuti mtsuko wa amayi anga ndi wokongola.

Ndinakhala pa benchi m'kati mwa holomo, ndipo m'maganizo munabwera nyumba ina. Caka ca 1986 nkhondo itafika kwathu tinathawira ku Dedza. Ndinali ndi zaka zisanu ndi cimodzi. Amayi anasenza mphika umodzi ndi mkeka, ine ndinanyamula nkhuku imene inafera panjira. Kumene tinafikira tinamanga kanyumba ka mitengo ndi udzu, kotsika moti bambo ankawerama polowa. Sitinkadziwa ngati tikhalamo mwezi kapena zaka khumi. Koma sabata yoyamba yomweyo amayi anapita kudambo kukatapa dothi lakuda, n'kuzira pansi ponse ndi manja, n'kukulungiza ndi mwala wosalala wa kumtsinje mpaka pansi panawala. M'munsi mwa khoma anapaka mzere wa katondo, pamwamba pake mzere woyera wa phulusa. Amayi ena ankawaseka kuti akukongoletsa msasa. Iwo ankangoti mwana asazolowere kugona pa fumbi.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, tinadikira kaye, kenaka tinabwerera. Kumudzi tinapeza chire lokhalokha, mitengo itamera pamene panali nkhokwe. Amayi anayambanso comweco: dothi, madzi, mwala, mzere wofiira ndi woyera. Ine ndinakula ndikuona mizere imeneyo ngati cizindikiro ca umphawi ndi kuthawa. Nditayamba kulandira malipiro ndinalumbira kuti m'nyumba mwanga simudzakhala kanthu kondikumbutsa msasa. Sofa ija sinali yokhalapo. Inali yotsekera khomo kuti zaka zimenezo zisalowe, ndipo pamodzi ndi zakazo inatsekera kunja amayi.

Masana kunali nkhani zophunzitsa pa kabwalo kena m'holo momwemo. Cingelezi canga ndi ca ku pulayimale ya ku Dedza, koma mng'ono wanga ankandithandiza pamene ndaphonya. Zimene ndinalemba m'kabuku kaja si za anthu olemera okha, ndiye ndikugawireni.

Coyamba, yezani cipinda musanagule katundu. Tengani cingwe, yezani khomo, yezani khoma, ndipo musiye njira yoti munthu adutse osapendekeka. Ndikanadziwa zimenezi citseko canga sicikanazulidwa.

Caciwiri ndi kuwala. Khoma lowala limabweza kuwala kwa dzuwa, lakuda limakumeza. Cipinda caching'ono cokhala ndi zenera limodzi cimafuna khoma loyera kapena la mtundu wa mcenga, ndi katani yopepuka, osati cinsalu colemera cotseka dzuwa masana. Njereza imene timaipeputsa ili ndi ubwino wake: ndi yochipa, ndipo imalola khoma kutulutsa cinyezi, pamene penti ya mafuta imacitsekera m'kati mpaka khoma liyambe kusupuka. Mababu a LED nawonso ali mitundu iwiri. Pakatoni pakalembedwa 6500K, kuwala kwake ndi koyera ngati kwa kucipatala. Pakalembedwa 2700K kapena 3000K, ndi kofiirira ngati kwa nyale ya parafini, kokoma pocezera. Onsewa amadya Credelec pang'ono kusiyana ndi mababu akale otentha aja.

Cacitatu ndi mitundu. Okonza nyumba ali ndi lamulo lawo la 60, 30 ndi 10: mtundu umodzi utenge gawo lalikulu, monga makoma, waciwiri utenge gawo locepera, monga mipando ndi makatani, wacitatu ungowaza apa ndi apo. Nditamva zimenezi ndinaona khoma la amayi: dothi ponseponse, katondo m'munsi, kamzere ka phulusa. Iwo sanapite kusukulu ngakhale tsiku limodzi.

Cacinayi, zithunzi zipacikidwe pa msinkhu wa maso. Ife timakhoma cithunzi ca ukwati ndi kalendala kufupi ndi malata, mlendo n'kumacita kukweza khosi ngati akuyang'ana ndege. Ndipo si ciliconse cimene tili naco ciyenera kukhala pabalaza. Zinthu zitatu zoikidwa bwino zimaoneka kuposa makumi awiri zounjikana.

Ndinabwerera kuno ndili ndi moto. Tsiku lotsatira ndinapalasa njinga mpaka kumudzi, n'kuwapeza amayi akusola nyemba. Ndinawaonetsa zithunzi za pafoni: mpando uja, mphasa, khoma la malicero, makoma a mtundu wa katondo. Ndinawauza kuti zimene akhala akucita moyo wawo wonse ndi zimene olemera a ku Joni akulimbirana lero. Ndinkayembekeza kuti asangalala.

Anayang'ana nthawi yaitali, foni ataigwira kutali ndi maso. Kenaka anafunsa kuti, "Amene amagula zimenezi, amazira okha?" Ndinati ayi, ndi penti cabe yofanana ndi dothi. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye nkosavuta kulikonda dothi. Ine msana uwu unathera pa kuzira. Mukafuna kundisangalatsa, bambo, ndiikireni simenti m'nyumba muno. Mizere ya pakhoma ndizipaka ndekha."

Mawu amenewo anandibweza pamalo panga. Ndinatsala pang'ono kucoka pa kupusa kwina n'kulowa kwina: dzana ndinkanyoza za kumudzi cifukwa a m'tauni amazinyoza, lero ndinali wokonzeka kuzitamanda cifukwa a ku Sandton azitamanda. Konseko ndinkaonera m'maso mwa eni. Dothi la pansi limafuna kuzira kawirikawiri, limasunga utitiri, ndipo amene amagwada ndi amayi ndi atsikana, osati ife abambo. Udzu wa padenga umafuna kufolera mobwerezabwereza, ndipo ukusowa. Munthu wofuna simenti ndi malata sanataye mwambo, watopa. Ndiye ndinawafunsa funso limene ndinayenera kufunsa caka cathunthu m'mbuyomo: cifukwa ciyani salowa m'nyumba mwanga? Anayankha mosakweza mawu. "Ndikhale pati? Pa cimpando cija miyendo yanga sifika pansi. Ndipo madzi a m'cigubu amanunkha pulasitiki."

Ndalama ya kacewere ya caka cimeneco inapita ku simenti ya nyumba ya amayi. Mmisiri anasakaniza okusaidi wofiira pamwamba pake, ndipo akapaka kobira pamawala kuposa matailosi amene ndinkawalota. Matailosiwo ndinawasiya. Kuno ku Angónia mwezi wa Junho ndi Julho kumazizira moti tailosi m'mawa imaluma kuphazi.

Kwanga tinakhala pansi ndi mayi a kunyumba, ulendo uno ndikumvetsera. Zigawo ziwiri za sofa tinagulitsa kwa mphunzitsi wina amene ali ndi pabalaza papakulu, n'kutsala ndi cimodzi, ndipo tinacivula pulasitiki. Makoma tinapaka njereza, m'munsi mzere wa katondo wofika m'mawondo, umenenso umabisa zala za ana. Makatani olemera anatsika, m'malo mwake mayi anasoka a kapulana yopepuka. Pansi pa malata tinakhoma mphasa zisanu ndi imodzi ngati siling'i. Imeneyi sindinaione ku Decorex, ndi nzeru ya akuluakulu ena a kwathu konkuno, koma ndikanapanda kupita uko sindikanailola m'nyumba mwanga. Masana kutentha kwa malata kwacepa, usiku cisanu sicitsika ngati kale, ndipo mvula ikamagwa timamvana polankhula. Amene mungatsanzire, onetsetsani kuti mawaya a magetsi adutsa m'mapaipi ake, asagundane ndi bango, ndipo muziyang'anamo kawirikawiri cifukwa makoswe amakonda malo otere.

Mphasazo ndinakagula kwa mkulu wina wa kutsidya kwa dambo, amene wakhala akusoka ciyambire ndili mwana. Atachula mtengo ndinapereka osanenerera. Anawerenga ndalamazo kawiri, n'kundiyang'ana ngati ndadwala. Pocezapo anandiuza kuti ana ake aamuna onse ali ku Joni, wina amalondera, wina amatsuka magalimoto, ndipo palibe amene anaphunzira kusoka. Bango nalonso likucepa cifukwa madambo tawasandutsa madimba, kuphatikizapo langa la kacewere. Ndinamuonetsa cithunzi ca mphasa ya ku Sandton. Sanafunse za mtengo wake. Anakulitsa cithunzico ndi zala, n'kuloza m'mphepete, n'kunena kuti wosokayo anathamanga, mizere yatalikirana, siitha zaka ziwiri.

Ndinamuitana ku wailesi Loweruka lotsatira. Pulogalamu imene ndinkafuna kuti ikhale yophunzitsa anthu makhalidwe a otsogola inasanduka ola lathunthu la mkulu uja akufotokoza nthawi yodula bango, mmene amaliumitsira, ndi mmene mungadziwire mphasa yolimba musanagule. Mafoni analira mpaka nthawi inatha. Ena anaimba kucokera tsidya la Malawi, pakuti mawu a wailesi safunsidwa pasipoti pa Calómuè. Mayi wina anafunsa ngati mkuluyo angaphunzitse mwana wake wamwamuna amene wangokhala pakhomo.

Sindikunena kuti mutaye sofa zanu, kapena kuti aliyense akhome malicero pakhoma cifukwa ku Joni akutero. Zokonda za kumeneko zimasintha ngati mitengo ya pamsika. Caka cina adzatopa ndi nsungwi n'kubwerera ku zonyezimira, ndipo ife tidzatsala ndi nyumba zathu zomwezi. Cimene ndinatolako n'cakuti musanagule kanthu, imani pakhomo la pabalaza panu n'kudzifunsa kuti ndani amakhala m'menemo, amakhala pati, kuwala kumalowera kuti, ndipo ndani adzagwada kuti asamale cimene mukugulaco.

Mtsuko ndinakautenga kuseri kwa khichini. Unali utathetheka pakamwa, nkhuku zitaikiramo, koma sunadonthe. Tinautsuka, n'kuufukiza, n'kuubwezera pakona yake, cikho pamwamba. Amayi anabwera nyengo ya Khirisimasi. Anaodira, n'kuima pakhomo monga mwa masiku onse. Anayang'ana kudenga, anayang'ana khoma, anayang'ana mkeka umene tinayala pafupi ndi zenera. Kenaka anavula nsapato n'kulowa. Anatunga madzi mumtsuko, n'kumwa, n'kukhala pamkeka miyendo atatambasula.

"Mzere wanuwu wakhota," anatero, akuloza katondo wa pakhoma. "Ndidzabwera ndi mwala wanga."